Makompyuta atatu, mkamwini mmodzi

Kwathu kuno ku Ulongwe, ukangophunzira kompyuta miyezi itatu ku Tete, abale onse amayamba kukutchula kuti injiniya. Ineyo dzinali sindinalikanepo. Ndinkalivala ngati jekete la ku ukwati, mpaka Loweruka lija.

Alamu anga anabwera kuchokera ku Tete ndi MacBook yawo, yopyapyala ngati mbale ya ndiwo, m'menemo muli vidiyo ya ukwati wa mng'ono wa mayi a kunyumba umene unachitikira ku Domwe. Apongozi aakazi anakwera chapa m'mawa kukuzizira, ndi thumba la mbatata ya kachewere pamutu, kuti adzadzione akuvina pa wailesi ya kanema. Ntchito yanga inali yochepa: kuchotsa vidiyo mu MacBook kuiika mu kompyuta ya Windows imene ndinailumikiza ku TV. Ndinati, "Amayi, madzi a tiyi asanawire mukhala mukuonera."

Ndinayamba ndi fulashi. Inakana. Malo analimo ambirimbiri, koma inkangoti fayiloyi yakula. Ndinakumbuka mochedwa kuti fulashi yosunga mafayilo mwa njira yotchedwa FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, pamene vidiyoyo inali 6 GB chifukwa wojambula sanasiye ngakhale mbuzi imene inadutsa kumbuyo kwa akwati. Kuisintha kukhala ya njira ina yotchedwa exFAT kukanathetsa nkhani, koma kukanafufuta zithunzi za ubatizo wa ana. Ndinatulutsa hadi disiki yanga. Iyo ndi ya NTFS, ndipo Mac imawerenga zimene zili mu NTFS koma kulembamo ayi, ngati mlendo woona nsima koma wosaloledwa kusamba m'manja.

Apa m'pamene ndinakweza mapewa. "Alamu, zamafulashizi n'zachikale. Tidutsitsa mumphepo."

Ndinawalanda MacBook ija, n'kuilowetsa ndekha pa Wi-Fi ya rauta yathu, senha, mawu achinsinsi aja, ndikulemba chobisa ndi dzanja. Ku Windows ndinapeza kuti netiweki yathu inalembedwa kuti Rede pública, kutanthauza ya pagulu, ndipo ikakhala choncho kompyuta imadzibisa kwa anzake ngati mkamwini wa ngongole. Ndinaisintha kukhala Rede privada, n'kutsegula zogawana mafayilo. Kenaka ndinatenga laputopu yanga yakale ya Ubuntu, ija batire lake linafa kalekale, kuti ikhale mboni. Inaiona Windows ija bwinobwino. Makompyuta a mitundu yosiyana amamvana ndi chilankhulo chimodzi chotchedwa SMB, ku Linux amachilankhula kudzera mu Samba, ndipo ndinafotokoza zimenezi mokweza kuti apongozi adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Pa Mac ndinatsegula Finder, n'kudina Command ndi K, n'kulemba smb:// ndi nambala ya kompyuta ija, 192.168.0.12. Kagudumu kanazungulira, kanazungulira, kenaka zii.

Tiyi anamwedwa. Nsima inaphikidwa, inadyedwa, ine osaigwira. Ndinazimitsa firewall, ija imalonda pakhomo la kompyuta, ndinaiyatsa. Ndinazimitsa rauta katatu. Ndinafika poganiza zodzutsa SMB1, SMB yakalekale ija Windows 10 inasiya kuiyatsa yokha m'chaka cha 2017, chaka chimene kachilombo ka WannaCry kanalowera pakhomo lomwelo n'kutseka makompyuta m'maiko ambiri. Koma zimenezo n'zoti Mac sinazifune n'komwe. Pothedwa nzeru, ndinagawa foda yanga yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuloleza Todos, kutanthauza aliyense. Ndinkati mwina vuto ndi chilolezo.

Apongozi anali atafunda nsalu pamphasa. Sanalankhule ndi ine mwachindunji, anafunsa mwana wawo: "Kodi bambo a kunowa, sukulu ija anamalizadi?"

Amene anandivula ndi mwana wanga wa zaka 11. Anasuzumira pa MacBook, n'kudina kachizindikiro ka Wi-Fi kumwamba kuja. "Ababa, amalume mwawaika kwa alendo."

Alamu anawerama, n'kuwerenga dzina la netiwekiyo pang'onopang'ono ngati katekisita: "Odya underscore Zaulere."

Ndiulule. Chaka chatha, nditatopa ndi abale obwera kudzatha ma mega anga pa TikTok, ndinatsegula netiweki yachiwiri pa rauta, ya alendo, n'kuichepetsa liwiro, n'kuipatsa dzina limene linali mumtima mwanga tsiku limenelo. Netiweki ya alendo inapangidwa dala kuti mlendo afike pa intaneti koma asaone makompyuta a eni nyumba. Mpanda umene ndinalimbana nawo maola anayi ndinaumanga ndekha, ndipo dzanja langa, pozolowera, linawaponya alamu kuseri kwake.

Ndinaseka ndekha, palibe anandithandiza. Ndinawalowetsa pa netiweki yeniyeni, ndipo Mac inaiona Windows nthawi yomweyo. Zenera linatseguka, mafoda anga onse ali ndandanda ngati tomato pamsika. Apa ndinakumbukira za Todos uja.

"Iyi n'chiyani, alamu? Ngongole za akuchikazi."

Ndisanatambasule mkono, iwo anali atagunda kale batani lalitali lija, limene pa Mac limaonetsa zam'kati mwa fayilo osaitsegula n'komwe. Mndandanda wonse unayalika, maina, masiku ndi ma metikali ake. Maina enieni sindinalembe, ndinalemba amene ndinawapatsa ine. Alamu anali "Galimoto Yopanda Mafuta", 3,000. Mzere wachitatu unali "Boma Lalikulu", 1,500, ya feteleza, ndipo pambali pake ndinalembapo kuti "iwalani".

Apongozi anadzuka pamphasa bwinobwino. Anafunsa mwana wawo kuti Boma Lalikulu ndani. Mayi a kunyumba anayang'ana ine, ine ndinayang'ana rauta.

Vidiyo inadutsa ndithu, ndipo tinaonera yonse, mbuzi ija ndi zonse, popanda wina kutsokomola. M'mawa apongozi anatsanzika mwaulemu, anadalitsa adzukulu, kenaka anatuma mwana wanga kuti akawatengere thumba lawo la mbatata kukhitchini.