Kuchotsa dzina sikubisa mwini foni

Pali kafukufuku amene ndikufuna kuti aliyense wosunga zinsinsi za anthu m'makompyuta amudziwe. Mu 2013, Yves-Alexandre de Montjoye ndi anzake a ku mayunivesite a MIT ku America ndi Louvain ku Belgium adasanthula mayendedwe a anthu 1.5 miliyoni pa miyezi 15, pogwiritsa ntchito zimene kampani ya mafoni inkalemba nthawi iliyonse foni ikalumikizana ndi nsanja ya netiweki poimba kapena potumiza uthenga. Mayina onse adali atachotsedwa, komabe kungodziwa malo anayi amene munthu adapezekako, pamodzi ndi nthawi yake, kunali kokwanira kusiyanitsa anthu 95 mwa 100 alionse ndi ena onse. Izi n'zosadabwitsa, chifukwa ndi ochepa amene amagona kumene inu mumagona, n'kumagwira ntchito kumene mumagwira, n'kumapempheranso kutchalitchi kwanu komweko Lamulungu.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno ku Malawi, poti manambala athu a foni tidalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Popeza lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo, ndikupempha a MACRA, amene amayang'anira lamuloli, kuti kampani ikanena kuti yachotsa mayina isanagawireko ena zolemba zoterezi, asakhutire ndi mawu okhawo, koma aifunse mmene yabisira malo ndi nthawi.