Chala changa ku Hagia Sophia

Inu amene mukutumizirana kavidiyo kaja pa WhatsApp, taimani kaye ndifotokoze ndekha chifukwa alamu anga akukometsera nkhani mopyola muyeso. Eya ndinagwa, sindikukana. Koma zoti buluku linang'ambika kuchokera ku Europe mpaka ku Asia ndi bodza, linangotseguka pang'ono kumbuyoku basi.

Munali mu 2019, titamaliza kuoda zovala ku Laleli, dera la mumzinda wa Istanbul ku Turkey, alamu aja akuti tikwere tramu, kasitima ka m'tauni, tikaone Hagia Sophia, nthawi imeneyo isanabwerere kukhala mzikiti. Chinyumba chimenechi anamanga mfumu Justinian, chinatha mu 537, Istanbul akadali Constantinople, ndipo chinakhala tchalitchi mpaka mfumu ya Aturuki, Mehmed, italanda mzindawo mu 1453 nkuchisandutsa mzikiti. Zaka zonsezo chaona zivomerezi ndi nkhondo koma chinali chisanaone ine.

Mkatimo muli chipilala chokutidwa ndi mkuwa chili ndi kabowo, amati chimatuluka thukuta, ndipo akuti Justinian yemweyo mutu unasiya kumuwawa atatsamirapo. Umalowetsa chala chamanthu m'kabowomo nkuzunguliza dzanja lonse mpaka libwerere pomwe linayambira osachotsa chala, chikatuluka chonyowa ndiye kuti zomwe wapempha zitheka. Ine ndinapempha kuti katundu wanga asamutchaje ndalama zambiri pofika kumudzi.

Vuto palibe anandiuza kuti umayamba dzanja litapindika kale. Ine ndinayamba lili chilili ngati ndikupereka moni kwa amfumu. Kufika pakati dzanja lakana, ndiye ndinati aaa ine sindinakwere ndege kudzalephera pano, ndizungulire ndi thupi lomwe. Chigongono m'mwamba, mutu kunsi kwa nkhwapa yanga yomwe, mwendo umodzi ukufunafuna pansi, chikwama chandikola pakhosi, kumbuyo kuli mzere wa anthu ngati pa chigayo aliyense foni m'manja. Gogo wina akundilimbikitsa m'chilankhulo chake. Ndipo kamphaka kotchuka ka m'menemo, Gli, ka maso opingasa kaja, kanangokhala phee kundiyang'ana, sindikudziwa ndi diso liti.

Kenako pwee! buluku. Kenako ine khuu pa mwala wa zaka pafupifupi 1,500, woterera ngati aupaka therere.

Koma chala chinatuluka chonyowa, zimenezo alamu sakunena. Akuti linali thukuta langa lomwe. Kaya. Katunduyo anatchajidwa ndithu, ndipo phewa limandiwawabe kukazizira.