Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kiyi wa Chigayo

M'gawo lapitalo ndinalekezera tsiku lomwe tinaika bambo m'manda, mu Juni 2012. Lero ndifike pa nkhani ya chigayo.

Bambo anatisiyira chigayo cha dizilo kufupi ndi msika wa Linthipe ku Dedza, chomwe chinkatilipirira fizi ana anayi. Patangotha masabata awiri, abambo aang'ono analawira n'kukakhoma loko wawo pachitseko, kiyi n'kuponya m'thumba. Amayi anali pachitengwa, kwawo ndi ku Ntcheu. Atafunsa, yankho linali lakuti, "Alamu, inuyo munabwera ndi chiyani pamudzi pano?"

Ine ndinali Fomu 3, mtima uli phuluphulu. Aphunzitsi ena anandiuza kuti mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma chamasiye, loika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu womangidwa nawo. Ndinafika kunyumba ndikuti mawa lomwelo tikwere minibasi tikasume kukhoti ku boma. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto uku akutong'ola chimanga. Kenako anati, "Mwanawe, tikawamangitsa, kumanda kwa bambo ako tizikalowako ndi nkhope yanji?"

Anaitanitsa amalume, omwe analinso nkhoswe yawo. Amalume sanayambire kwa wolanda kiyi uja. Anayamba apeza nkhoswe ya kuchimuna, ndipo awiriwo anapita kwa anyakwawa kukapempha kuti asaweruze mlandu, angokhala pakati. Anyakwawa anatuma nduna yawo, agogo ena aakazi oyenda ndi ndodo, kuti amve mbali iliyonse payokha. Kwathu anabwera madzulo awiri. Sanatsutse kanthu, ankangoti, "Ee, ndiye kenako?"

Tsiku lokumana sitinakhale pabwalo pomwe mudzi wonse umaonerera. Anatiyalira mphasa kuseri kwa nyumba ya mfumu, anthu asanu ndi anayi basi. Lamulo linali limodzi: wina akamayankhula, enanu chete.

Apa ndi pomwe ndinamva zomwe sindinkazidziwa. Abambo aang'ono, maso ali pansi, akufukula dothi ndi kamtengo, anati pogula injini ya chigayocho ndalama zinaperewera, iwo n'kugulitsa ng'ombe zawo zinayi kuthandiza achimwene awo. Panalibe pepala, unali ubale chabe. Zaka zinapita osabwezeredwa, ndipo ngolo yawo inawolera pakhonde. Atafika pamenepo mawu anawathera pakhosi. Amayi anagwira pakamwa. Za ng'ombezo ankazidziwa, koma ankayesa kuti ngongoleyo inatha kalekale. Kukhoti munthu ameneyu akadaima ngati wakuba, ndipo za ng'ombe zopanda lisiti akadazinena podziteteza, ife osazikhulupirira.

Ndisakunamizeni kuti zokambirana zotere zimatha bwino nthawi zonse. Ndaona amayi amasiye akungouzidwa kuti "pirirani" n'kubwerera chimanjamanja, ndipo zimandipweteka mpaka lero. Chinatithandiza ife n'chakuti amalume ankalidziwa lamulo lija. Atawomba m'manja, ananena modekha kuti, "Zikomo mfumu, ife tabwera kudzamvana, koma tikalephera pano, khomo la khoti silinatsekedwe." Palibe anakwiya, koma aliyense anamva.

Dzuwa likupendeka tinagwirizana. Chigayo chibwerera m'manja mwa amayi ndi ana. Ndalama zogayitsa za Loweruka lililonse, akachotsapo ya dizilo, zizipita kwa abambo aang'ono mpaka mtengo wa ng'ombe zinayi utakwana. Wolemba ndinali ine, m'kope langa la masamu, dzanja likunjenjemera. Ankhoswe awiri aja anasaina, amayi anadinda chala, anyakwawa n'kuikapo chidindo.

Kiyi sanaperekedwe kwa amayi mwachindunji. Anadutsa m'manja mwa nkhoswe ya kuchimuna, n'kufika kwa amalume, kenako kwa amayi, omwe anamumangirira pansonga ya chitenje.

Lolemba m'mawa injini inalira. Wachitatu pamzere, thumba la mphale lili pamutu, anali mkazi wa abambo aang'ono.

M'gawo lotsatira ndidzakusimbirani momwe ndinalembera mayeso a MSCE ndikugona m'chigayomo.