Lero ndinapita kukasaka jointer

Loweruka, Area 25, Lilongwe.

Usiku wathawu tulo sitinabwere bwino chifukwa cha tebulo la alamu anga. Dzulo madzulo ndinayala matabwa anayi a mlombwa kuti ndiwamate ndi guluu, ndipo nditawagundaniza, pakati pa awiri panatsala mpata woti kuwala kwa babu n'kumadutsa. Ndikanatha kufinya ndi makilampu mpaka mpatawo utseke, koma thabwa lokakamizidwa silimaiwala. Mvula ikadzagwa n'kudzasiya, lidzabwerera pomwe linali, tebulo n'kung'aluka anthu akudyerapo nsima. Mlombwa ndi wodula, ndipo alamu anandipatsa ntchitoyi chifukwa chondikhulupirira.

Zaka zitatu tsopano ndakhala ndikukhoma m'galaja muno madzulo ndi Loweruka. Matabwa ndimagula ku Mchesi n'kupalitsa konko, koma pali zinthu ziwiri zimene zandivutitsa. Kumene ndimapalitsako mzere umakhala wautali, ndiye anyamata amangoponya thabwa mu thicknesser. Makina amenewo ntchito yake ndi kulinganiza kunenepa kwa thabwa basi. Amalipsinja likamadutsa, likatuluka limadzukanso, lopindika monga linalowera, kungoti tsopano likusalala. Chinanso, matabwa ambiri amagulitsidwa asanaumitsitse. Ngakhale atawawongola bwino lero, ndikawasunga sabata imodzi m'kutentha kwa Okutobala kuno amapotokanso. Ndiye chimene ndikufuna ndi kuwongola thabwa pakhomo pano, tsiku lomwe ndikulimata. Ntchito imeneyi ndi ya jointer, imene ena amati surface planer: kuwongola mbali imodzi yaikulu kuti igone fulati, kenaka m'mphepete kuti mukhale sikweya.

Ndalama zake ndi zimene takhala tikusunga, kuphatikiza zomwe mayi akunyumba analandira ku banki m'khonde. Potsanzikana anangoti, "Bambo, mukaone bwinobwino musanatulutse ndalama." M'chikwama ndinaika sikweya, rula yachitsulo, pepala long'amba m'kope ndi timatabwa tiwiri ta paini ta mita imodzi. Levulo yaitali ndinanyamula pamanja, ndipo mu minibasi inandidanitsa ndi anthu pang'ono.

Ndinayambira ku Old Town, m'mashopu a zipangizo cha ku Malangalanga. M'shopu yachitatu ndi momwe ndinapeza jointer yatsopano yotambalala mainchesi 6, yaing'ono yoika pa benchi, yonyezimira mpaka mtima kugunda. Mnyamata wogulitsa anati, "Bwana, iyi ndiye yanu, mukhoza kuinyamula pa kabaza." Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Makina owongola thabwa la mamita awiri onyamulika pa kabaza? Matebulo ake, lolowera ndi lotulukira thabwa pamene likudutsa pa mipeni, ndi a aluminiyamu, onse awiri pamodzi sakukwana mita. Amisiri amati jointer imawongola bwino thabwa lotalika kosaposa kawiri kutalika kwa matebulo ake, choncho iyi ndi ya timashelefu ndi mafelemu a zithunzi, osati zitseko ndi matebulo amene anthu amandipempha. Nditakankha fensi ndi chala, ija imene thabwa limatsamira, inagwedezeka. Mota yake ndi ya mabulashi ngati ya grinder, yolira mokuwa, ndipo khoma la galaja yanga lagundana ndi chipinda cha aneba amene ali ndi khanda. Ndinakumbukira chikomekome cha mkuyu. Mtengo wa makinawonso unatsala pang'ono kumaliza ndalama zonse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chimachita kuwawa pogula.

Pambali pake panali makina ophatikiza, pamwamba jointer pansi thicknesser, otambalala mamilimita 260. Kwa munthu wa malo ochepa amenewa ndiye oyenera, ndipo ndinaima nthawi ndithu ndikuwasisita. Koma ndalama zanga zikanafunika ziwirikize kawiri ndi kuposerapo.

Ndili panja ndinaimbira bambo wina amene analengeza jointer pa Facebook, yobwera m'kontena kuchokera ku America. Ndinawapempha andiwerengere zolembedwa pa mota. Anati 120V, 60Hz. Magetsi athu kuno ndi 230V, 50Hz. Ndiye kuti ndigulenso thiransifoma yaikulu, ndipo motayo izizungulirabe mochedwerapo kusiyana ndi momwe anaipangira. Ndinawathokoza n'kudula foni.

Ku Biwi ndinakaona makina opangidwa konkuno ndi anyamata owotcherera. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu, amatenga zitsulo zotayidwa n'kupanga chinthu chimene chikudyetsa mabanja. Matebulo ake ndi aatali, mtengo wake wofikirika. Koma mota ndi ya three phase, magetsi a m'mafakitale, pomwe kwathu ndi single phase, a m'nyumba wamba, tebulo lotulukira thabwa analiwotcherera moti silikwera kapena kutsika, ndipo pamwamba pa mipeni panalibe gadi, chotchinga chija choteteza manja. Mipeni ili poyera, ikuzungulira maulendo zikwizikwi pa mphindi imodzi. Mwana wanga wamwamuna amakonda kulowa m'galaja ndikamagwira ntchito. Apo sindinachedwepo.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhala pa chiwaya ndikudya tchipisi, mtima uli pansi. Ndinayamba kuganiza zongogula puleni yaitali ya pamanja, Stanley No. 7 ija ya mainchesi 22 imene akale ankawongolera matabwa magetsi kulibe. Si maganizo oipa ayi, ndipo aliyense amene ndalama zake sizikukwana makina ndingamuuze kuti ayambire pamenepo. Kungoti mlombwa ndi bulugamu pamanja zimadya tsiku lonse, pomwe ine ndimakhala ndi maola awiri ndikaweruka kuntchito. Ndili m'maganizo choncho, anandiimbira akulu ampingo athu amene ndinawauzako za ulendowu. Anati ku Kawale kuli madala ena, kalipentala wakale, maso ayamba kuwavuta ndipo akugulitsa zipangizo.

Ndinafika cha m'ma 2 koloko. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinagwada pang'ono n'kupereka moni. "Ndiwe mwana uja wa jointer? Tiye ukaione, koma usathawe dzimbiri."

Anavundukula chisaka, ndipo kunena zoona maonekedwe ake anali osapatsa chidwi. Penti inasupuka, dzina la kampani silikuwerengekanso, lamba ndi wong'aluka, matebulo ofiira ndi dzimbiri. Koma nditayesa kuikankha sinasunthe ngakhale pang'ono. Ndi cast iron yokhayokha, chitsulo cholemera chija, mainchesi 6, matebulo onse pamodzi opitirira mita pang'ono, mota ya single phase ya hosipawa imodzi. Magetsi anali atathima, zomwe zinandithandiza, chifukwa ndinapeza mpata woyeza mosathamanga.

Ndinapukuta dzimbiri ndi sandipepa yosalala, n'kupeza kuti ndi lapamwamba chabe, silinadye chitsulo. Ndinakweza tebulo lolowera kuti lifanane ndi lotulukira, n'kugoneka levulo pa onse awiri, kumanzere, kumanja, kenaka mopingasa. Paliponse ndinkayesa kulowetsa pepala lija pansi pa levulo. Linangolowa malo amodzi kumapeto kwenikweni, movutikiranso. Pa jointer chinthu chachikulu ndi chimenechi. Lamba amagulidwa, mipeni imanoledwa, mota imatha kusinthidwa, koma matebulo opotoka alibe mankhwala otchipa. Fensi nditaimanga n'kuikapo sikweya, inakhala chilili kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Tinachotsa lamba, ndinazunguza chogwira mipeni ndi dzanja n'kutchera khutu: chinayenda mwakachetechete, popanda kukhokhochera kwa mabering'i otha. Ndinasuzumira pansi kufuna ming'alu, osaipeza. Mipeni itatu yonse ili ndi kachibenthu pamalo amodzi, umboni woti inakumanapo ndi msomali.

Ndinawafunsa za mipeni yamakono ija ndimaiona pa YouTube, tizidutswa ta carbide tambirimbiri toti kamodzi kakabuntha umangokatembenuza, popeza kali ndi mbali zinayi zakuthwa. Anagwedeza mutu. "N'zabwino, mwanangu, ndinaziona. Koma kakasweka ukagula kuti? Iyi yowongokayi ukanoletsa m'tauni momwemuno, mawa uli pantchito."

Magetsi anayaka itadutsa 4 koloko. Asanayatse makina, madala aja anatenga rula yanga n'kuigoneka pa tebulo lotulukira, nsonga yake ili pamwamba pa mipeni. Anazunguza ndi dzanja, mpeni unakoka rulayo mamilimita atatu kapena anayi n'kuisiya. Anachita chimodzimodzi pa mipeni yonse, mbali zonse ziwiri. Anati tebulo limeneli likatsika, thabwa limakumbika kumapeto. Likakwera, thabwa limagunda kapena kutuluka lopyapyala mbali imodzi. Zaka zitatu ndakhala ndikuonera mavidiyo, koma lero ndi pomwe ndamvetsa, nditaona rula ikuyenda pansi pa zala zawo. Chala chimodzi cha kumanzere n'chachifupi. Anaona kuti ndachiona. "Kathabwa kakafupi, ndili mnyamata. Chosakwana masentimita 30 usadzaike apa. Ndipo dzanja lisadutse pamwamba pa mipeni, sema zokankhira."

Mota inalira motsitsa, moti timalankhulana osakuwa. Ndinatsitsa tebulo lolowera milimita imodzi, n'kugoneka paini wanga mbali ya mphako pansi, monga anandiuzira. Maulendo atatu thabwa lililonse, kenaka m'mphepete. Ndinatuluka nawo panja, n'kuwagundaniza moyang'ana dzuwa. Kuwala sikunadutse. Ndinawatembenuza, chimodzimodzi.

Vuto lilipo lomwe ndalivomera: thabwa lotambalala kuposa mainchesi 6 silikwana. Ya mainchesi 8 ikanakhala bwino, koma matabwa ambiri amene ndimagula ndi a 6 omwewo, ndipo otambalala ndizing'amba pakati kapena kumaliza ndi puleni ya pamanja.

Pa mtengo sindinanenerere kwambiri. Anatchula wawo, ine ndinawerengera lamba watsopano, kunoletsa mipeni ndi galimoto yonyamulira, iwo n'kutsitsako. Zonse pamodzi zikusiya kangachepe kogulira guluu ndi vanishi. Ndinapereka theka kudzera pa foni. Koma anakana kuti ndiitenge msanga, chifukwa sipuling'i ya gadi inafooka ndipo gadiyo sikubwerera yokha pamwamba pa mipeni. "Ndiikonze kaye. Sindingakupatse chinthu choti chikakulume. Ubwere Lachitatu, ndi anyamata anayi amphamvu."

Ndafika kunyumba kutada, fumbi thupi lonse. Mayi akunyumba ndawaonetsa timatabwa tiwiri tija, anatigundaniza okha pafupi ndi babu, n'kufunsa ngati makinawo ali ndi chotchinga kuti mwana asafikire mipeni. Ndawauza za gadi, ndiponso tagwirizana kuti ndiike loko pa soketi. Titadya ndinalowa m'galaja ndi tepi. Pakufunika mamita awiri kutsogolo kwa makina ndi ena awiri kumbuyo, ndiye njinga ndi matumba a chimanga zisamukira kuchipinda chosungira katundu, ndipo jointer ikhala moyang'ana khomo kuti matabwa aatali azitulukira panja. Matabwa a alamu ndawasanjika ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Adikira mpaka Lachitatu.