Kuchokera pa atomu kufika pa kachitsulo kathunthu: mmene ndimayendetsera simulation ya maginito

Kachitsulo ka ayironi kotalika mananomita 500 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita), kotambalala 125 ndi kochindikala 3, kali ndi maatomu pafupifupi 16 miliyoni. Kuti muone mmene maginito ake akutembenukira kwa nanosekondi imodzi yokha, mukutsata atomu iliyonse ndi sitepe ya femtosekondi imodzi (nanosekondi imodzi ili ndi mafemtosekondi 1 miliyoni), kompyuta iyenera kuwerengetsa maatomu onsewo maulendo 1 miliyoni. N'chifukwa chake ntchitoyi ndimaigawa pawiri. Pa maatomu ndimangofuna kudziwa mmene chitsulocho chimasinthira chikatentha, kenako manambalawo ndimapita nawo ku micromagnetics, komwe chitsulocho chimagawidwa m'mabokosi ndipo bokosi limodzi limaimira maatomu mazanamazana.

Gawo loyamba ndimagwiritsa ntchito VAMPIRE, pulogalamu ya ku University of York. Ndimamanga kabokosi ka mananomita 10 mbali zonse, maatomu atayalidwa mwa bcc (m'makona onse a selo, ndi imodzi pakati pake), mbali ya selo iliyonse ili mananomita 0.287. Mumalowa maatomu pafupifupi 85,000. Atomu iliyonse ndimaipatsa moment, kukula kwa maginito ake, ya 2.22 μB (Bohr magneton), ndipo mphamvu ya exchange yomangirira atomu kwa inzake 8 yoyandikana nayo ndi 7.05 × 10⁻²¹ J. M'mbali zonse ndimaika periodic boundaries, zomwe zimalumikiza mbali iliyonse ndi yoyang'anana nayo, chifukwa popanda zimenezi maatomu a kunja amakhala ndi anzawo ochepa, amasokonezeka msanga, ndipo chitsulocho chimaoneka ngati chataya maginito nthawi isanakwane.

Ndikatero ndimatenthetsa kabokosiko ndi Monte Carlo, njira yowerengetsera pogwiritsa ntchito manambala a mwachisawawa, kuyambira 0 K mpaka 1,200 K (K ndi kelvin, muyezo wa kutentha), ndikukweza 25 K nthawi iliyonse. Pa sitepe iliyonse ndimadikira kaye kuti maspin, timaginito ta atomu iliyonse, akhazikike ndisanayambe kutenga avareji. Chomwe ndikufuna kuona n'chakuti maginito azimirire pafupi ndi 1,043 K, yomwe ndi Curie temperature ya ayironi, kutentha komwe imataya maginito ake. Akazimirira pa theka la nambala imeneyi, kapena akapitirira mpaka kuiwirikiza, ndimabwerera pa exchange. Ofufuza ena amawerenga mgwirizano wa maatomu awiri kamodzi, ena kawiri, ndipo ena amalemba mphamvuyo mu muyezo wa meV, ena mu wa mRy. Munthu ukangokopera nambala osaona kaye Hamiltonian, equation ya mphamvu zonse za maspin, imene mwiniwake anagwiritsa ntchito, zonse za m'tsogolo zimakhota.

Pali vuto linanso. Njira imeneyi imatenga spin ngati kamuvi kotha kuloza kulikonse, osasamala malamulo a quantum, choncho pa 300 K maginito amatsika kwambiri kuposa a ayironi weniweni. Ndimakonza ndi temperature rescaling ya mu VAMPIRE momwemo, kenako n'kuyerekezera ndi zimene anthu anayeza mu labotale, pafupifupi 1.7 × 10⁶ A/m. Anisotropy (kukonda kwa maginito kuloza mbali zina za chitsulo) ndi exchange stiffness (kukana kwawo kupindika) nazonso zimatsika ndi kutentha, aliyense pa liwiro lake. Anisotropy ya ayironi ndi ya cubic, ndipo malinga ndi lamulo la Callen-Callen imatsika ngati maginito okwezedwa ku power ya 10, kotero maginito akatsika pang'ono chabe, iyo yagwa kale kwambiri.

Gawo lachiwiri ndimalichita mu MuMax3 ya ku Ghent University, yomwe imafuna GPU ya NVIDIA. Amene alibe GPU angagwiritse ntchito OOMMF ya ku NIST, yochedwerapo koma yodalirika. Ndisanalowetse ayironi wanga, ndimayesa kaye Standard Problem 4, mayeso odziwika a gulu la µMAG: permalloy (chitsulo chosakaniza nickel ndi ayironi) wa kukula komweko, Ms (mphamvu yonse ya maginito ake) ya 8 × 10⁵ A/m, stiffness ya 1.3 × 10⁻¹¹ J/m, damping (nambala yosonyeza mmene kuzungulira kwa maginito kumazimirira) ya 0.02. Zotsatira zake n'zodziwika, ndiye zanga zikasiyana nazo ndimadziwa kuti vuto lili mu script yanga.

Kukula kwa mabokosi sindikusankha mwachisawawa. Bokosi liyenera kuchepera exchange length, mtunda umene maginito amafuna kuti akhote. Ya permalloy ndi mananomita pafupifupi 5.7, pomwe ya ayironi ndi pafupifupi 3.4. Mabokosi a mananomita 5 amene anayenda bwino pa permalloy ndi aakulu kwambiri pa ayironi: domain wall, malire a zigawo zomwe maginito aloza kosiyana, imakodwa pa gridi, ndipo kachitsuloko kamaoneka kovuta kutembenuza pomwe si choncho. Ndimaika mananomita 2.5, zomwe zimandipatsa mabokosi 200 × 50, onse pamodzi 10,000. Ndikamaliza ndimabwereza ndi mabokosi ocheperapo, ndipo yankho likasintha ndiye kuti loyamba lija silinali lodalirika. Field yakunja, mphamvu ya maginito yotembenuzira kachitsuloko, ndimaipendeketsa ndi digiri imodzi, chifukwa ikaloza ndendende mosemphana ndi maginito palibe chowakankhira kumbali, ndipo amangoima chilili.

Chimene ndimasamala nacho koposa ndi kutentha. Manambala ochokera ku VAMPIRE ali nako kale mkati mwake. Mukayatsanso thermal noise, kugwedezeka kobwera ndi kutentha, m'mabokosi ang'onoang'ono chonchi, mbali ina ya kutenthako mwaiwerenga kawiri ndipo maginito amatsika mopitirira. Komanso equation ya Landau-Lifshitz-Gilbert, yomwe mapulogalamu a micromagnetics amagwiritsa ntchito, imalola kamuvi ka bokosi kuzungulira kokha, osati kufupika. Pa 300 K ayironi salakwika nazo kwenikweni. Koma pa ntchito zotenthetsa chitsulo ndi laser mpaka pafupi ndi Curie temperature, monga HAMR, njira yolembera m'ma hard disk mothandizidwa ndi kutentha, maginito amafupikadi. Pamenepo ndimasinthira ku Landau-Lifshitz-Bloch, imene Garanin anaitulutsa mu 1997, ndipo imafunanso longitudinal susceptibility, nambala yosonyeza mmene kutalika kwa kamuvi kumasinthira ndi field. Ndiye ndimabwerera ku kabokosi ka maatomu kaja kukaiwerengetsa, ndikuchepetsa masitepe kufika pa 5 K pakati pa 950 K ndi 1,100 K, chifukwa ndi pamene imakwera mwadzidzidzi.