Ma icon atuwa ngati miyendo yosadzola

Sabata yonseyi yandithera pa kasukulu kena ku Area 25, ali ndi makompyuta 12 a Windows XP, a 2001 aja, anachita kupatsidwa. Lolemba a hedi kundiimbira kusanache, "achimwene tabwerani kwalowa vayirasi, ma icon atuwa ngati miyendo yosadzola mu June." Ma icon ndi tizithunzi tija timadina pa sikirini potsegula pulogalamu kapena foda. Ndinakwera minibasi ku depoti, kufika, kusikana makina kufufuza vayirasiyo, vayirasi mulibe. Kusintha kebo ya monita, chimodzimodzi. Lachiwiri magetsi kunalibe, tinangodya chimanga chootcha nkubalalika.

Lachitatu nde ndinaigwira mbava. Kamwana ka Fomu 1 kanatsegula pulogalamu yakale yophunzirira kutaipa ine ndili kumbuyo kwake, sikirini kuphethira kamodzi, foda yachikasu ija pompo kusanduka yotuwa, chithunzi chakumbuyo madonthomadontho. Kuyang'ana pa Compatibility, pomwe umasankha momwe pulogalamu yakale iziyendera, wina, mwina amene anaika pulogalamuyo, anachonga Run in 256 colors, kutanthauza kuti ikatseguka sikirini izionetsa mitundu 256 yokha.

Aphunzitsi a kompyuta anati ndiwafotokozere, nde ndinati aphunzitsi tangoganizani kalasi ya mipando 256, mpando uliwonse pakhala mtundu umodzi, imeneyo ndiye palette. Kadontho ka pa sikirini sikasunga mtundu ayi, kamangosunga nambala ya mpando. Windows imadzisungira mipando 20 yokha, 236 yotsalayo amalanda ndi pulogalamu yomwe ili kutsogolo, imadzutsa omwe analipo nkukhazikapo abale ake. Nde icon ikapita pa mpando wake kukafuna chikasu imapeza pakhala wina, kapena Windows imangoipatsa mtundu woyandikira mwa otsalawo, nchifukwa chake imaoneka ngati yachapidwa ndi jiki. Fayilo ya icon ili bwinobwino, palibe chaonongeka.

Pa 32 bit, pomwe sikirini imaonetsa mitundu yake yonse popanda kachongi kaja, mkangano umenewu kulibe, kadontho kalikonse kamanyamula kokha kufiira, kubiriwira ndi buluu wake, mitundu yopitirira 16 miliyoni, palibe kulimbirana mpando.

Lachinayi ndinachotsa kachongi kaja pa makina onse, 10 anachira. Awiri pulogalamu inakaniratu kutseguka popanda 256, ndinawasiya choncho nkumata kapepala pa monita kuti ukamaliza kutaipa tseka pulogalamu, zikapanda kubwerera dina batani la F5, zikakanikabe zimitsa uyatsenso.

Lachisanu ndikulandira ndalama yanga, yomwe inaperewera ya transipoti, ndinamva a hedi akuuza makolo ena pakhonde kuti mnyamatayu ndi katswiri, wapha mavayirasi 12. Sindinawatsutse.