Mawu othokoza pa kutha kwa nyengo ya rugby ya timu yathu ya anyamata akuluakulu

Masewero a rugby a chaka chino atha, ndipo ine monga mphunzitsi wa timu ya anyamata akuluakulu pa sukulu yathu ya sekondale ndaona kuti n'koyenera kulemba mawu awa poyera, kuti onse amene anatithandiza amve kuthokoza kwathu, kuphatikizapo amene sitingathe kuwafikira mmodzimmodzi. Tinafika mu ndime ya semifainolo ya mpikisano wa masukulu, ndipo ulendo wathu unathera pomwepo. Chikho sitinatenge. Komabe aliyense amene anaona momwe tinalili pamene zokonzekera zinkayamba akudziwa kuti panthawiyo funso silinali la chikho, koma lakuti ngati tidzakhale ndi timu yololedwa kulowa m'bwalo n'komwe.

Vuto lathu linali la mzere wakutsogolo. Kwa makolo amene sadziwa bwino masewerowa, timu ya rugby imakhala ndi osewera 15, ndipo 8 mwa iwo ndi amene amakumbatirana n'kukankhana ndi anzawo a timu ina pa scrum. Atatu a patsogolo penipeni, amene amavala manambala 1, 2 ndi 3, ndiwo amalandira kulemera konse pa khosi ndi pamsana, ndipo malamulo salola kuti mnyamata aliyense aikidwe pamalo amenewa chifukwa chongoti ndi wojintcha. Ayenera kukhala wophunzitsidwa ntchitoyo. Timu ikasowa osewera otere, oyimbira amalamula kuti scrum ichitike popanda kukankhana. Anyamata athu onse atatu a mzere umenewu anamaliza sukulu chaka chatha nthawi imodzi, ndipo amene anatsala anali asanaikepo mutu wawo pakati pa mapewa a mdani.

Choncho kuthokoza kwanga koyamba kukupita kwa bambo wina amene anaphunzira pa sukulu ino kalekale ndipo anasewera pa nambala 3 kwa zaka zambiri. Iwo anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo, ndipo ndilemekeza pempholo. Ankabwera madzulo akaweruka ku ntchito, osalipidwa kanthu, ndipo kwa masabata oyambirira sanalole mnyamata aliyense kukankha. Ankawaphunzitsa kaimidwe kokha: msana woongoka, mapewa asatsike kupitirira chiuno, mapazi apondetsetse, ndipo mutu usawerame. Anyamata ankadandaula kuti akutopa ndi kungoima chogwada, koma bambowa sanasinthe. Atayamba kukankhana, anayamba ndi mmodzi pa mmodzi, kenako atatu pa atatu, mpaka onse 8. Pa msinkhu wa osewera osakwana zaka 19, lamulo limati scrum isakankhidwe kupitirira mita imodzi ndi theka, ndiye mphamvu zokha sizipindula zambiri. Chimene chimapindula ndi kukhazikika ndi kutulutsa mpira mwamsanga. Pofika pakati pa nyengoyi tinali ndi anyamata okwanira oyamba masewero ndiponso ena olowa m'malo, ndipo palibe tsiku limene oyimbira anatiletsa kukankhana chifukwa chosowa munthu. Chofunika kwambiri n'chakuti palibe mnyamata ndi mmodzi yemwe amene anavulala khosi.

Ndikuthokozanso mnyamata amene anavomera kuchoka pa nambala 7, pamene ankasangalala napo, n'kupita pa nambala 2. Malo amenewa ali ndi ntchito ina yovuta, yoponya mpira pa lineout, pamene mpira umene watuluka m'mbali mwa bwalo ukubwezeredwa m'masewero, ndipo mpirawo uyenera kudutsa pakati penipeni pa mizere iwiri ya osewera. M'masewero oyambirira mipira yake yambiri inkakhota ndipo tinkaluza nayo mwayi. Iye anajambula chizindikiro pakhoma n'kumaponyapo yekha nthawi yopuma, ndipo pofika kumapeto anzake odumpha ankangonyamuka osakayika.

Kwa inu makolo ndi onse olera anyamatawa, ndikudziwa kuti ena mwa inu munasaina makalata ovomereza mitima ili m'mwamba. Rugby ndi masewero ogundana, ndipo kholo limene likuopa silikulakwitsa. Munagula nsapato ndi zoteteza mano, munachapa majezi odzaza matope sabata ndi sabata, ndipo munapirira kuona ana anu akubwera kunyumba ndi mikwingwirima. Mwapadera ndikuthokoza makolo a anyamata amene nthawi zambiri ankayambira pa benchi. N'kosavuta kubwera kudzaonerera mwana amene akugoletsa, koma inu munkabwera podziwa kuti mwina wanu alowa kwa mphindi zochepa zomaliza, ndipo simunanditsatepo kumbali kudzandifunsa chifukwa chake.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya kaputeni wathu, amene amasewera pa nambala 10. Mu kotafainolo, m'chigawo chachiwiri, anagunda mutu pa bondo la mdani pamene ankamugwetsa. Anadzuka yekha ndipo ananena kuti ali bwino, monga momwe anyamata onse a msinkhu wake amanenera. Koma mayi amene amatithandiza pa chithandizo choyamba anaona kuti anadzandira pang'ono poimirira, ndipo atamufunsa kuti tili m'chigawo chiti anazengereza kuyankha. Anamutulutsa nthawi yomweyo. Malangizo a World Rugby, bungwe loyendetsa masewerowa pa dziko lonse, pa nkhaniyi ndi omveka: wosewera amene akuganiziridwa kuti ubongo wake wagwedezeka atuluke ndipo asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo. Zimene anthu amaona pa wailesi yakanema, zoti wosewera amapita kukapimidwa kwa kanthawi n'kubweranso, zimaloledwa pa masewero a akatswiri akuluakulu okha, osati pa masewero a sukulu. Kenako pamakhala nthawi yopuma, ndipo wosewera amabwerera pang'onopang'ono, kuyambira kuyenda ndi kuthamanga mopepuka mpaka kugundana, ndipo kwa achinyamata nthawiyo imakhala yotalikirapo chifukwa ubongo wawo ukadali kukula.

Kuwerengera masiku kunaonetsa kuti semifainolo imudutsa. Panali mawu ochokera kwa ena okonda timuyi, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena ndi mtima wabwino, akuti mnyamatayo akuoneka wamphamvu, mutu sukumupweteka, ndipo ichi n'chaka chake chomaliza. Bambo ndi mayi ake ndiwo anatseka nkhaniyi. Anamutengera kwa dokotala, anamvera zimene anauzidwa, ndipo anandiuza kuti mwana wawo sasewera mpaka masiku ake atakwana. Pa zonse zimene zachitika chaka chino, ichi ndi chimene ndikuchithokoza kwambiri, chifukwa mphunzitsi akhoza kunena lamulo, koma lamulolo limagwira ntchito pokhapokha ngati kunyumba kwa mwana akulilemekeza. Mayi wa chithandizo choyamba, inunso landirani ulemu wanu, pakuti si chapafupi kutulutsa kaputeni masewero atafika povuta, anthu akukuwa kumbuyo kwanu. Ndipo iwe kaputeni, unabwera ku zokonzekera zonse, unanyamula mabotolo a madzi, ndipo unakhala pansi ndi mnzako amene anatenga malo ako n'kumufotokozera zizindikiro zonse za kaseweredwe kathu. Anzako anaziona zimenezo.

Semifainoloyo inali ya mphindi 70, zigawo ziwiri za mphindi 35, monga momwe zimakhalira pa msinkhu uno. Tinayamba ndife kugoletsa try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa golo wa adani), imene imapereka mapointi 5, ndipo inachokera pa scrum yomwe ija imene tinkaopa kuti sitidzakhala nayo. Anzathu anali othamanga kwambiri m'mbali mwa bwalo ndipo m'chigawo chachiwiri anatipitirira. Mnyamata wathu amene anavala nambala 10 tsiku limenelo ali m'kalasi lotsika, ndipo anasewera mopanda mantha. Penate yake ina inagunda mtengo wa golo n'kubwerera m'bwalo, ndipo ndikufuna anthu amve kuchokera kwa ine kuti masewerowo sanatayikire pa mpira umenewo. Anzathuwo anatiposa, ndipo tinawaombera m'manja potuluka m'bwalo monga momwe iwonso anatichitira. Kwa aphunzitsi ndi osewera awo, zikomo chifukwa cha masewero aukhondo.

Oyimbira masewero sathokozedwa kawirikawiri. Chiyambire 2023, pamene World Rugby inalimbikitsa mabungwe kuti m'masewero a anthu wamba wosewera azigwidwa m'munsi mwa chifuwa pomugwetsa, ntchito yawo yakula, chifukwa ayenera kuweruza kutalika kwa kagwiridwe m'kuphethira kwa diso. Ife tinalandirapo makhadi achikasu pa chifukwa chimenechi kumayambiriro, ndipo ngakhale zinkawawa, zinatiphunzitsa kupinda mawondo tisanagwire munthu. Ndikuyamikira makamaka oyimbira amene ankapatula nthawi masewero asanayambe kulankhula ndi anyamata a mzere wakutsogolo ndi kuyang'ana nsapato zawo. Kwa anyamata anga, ndikunyadira kuti munasunga mwambo woti kaputeni yekha ndiye amalankhula ndi oyimbira, ngakhale pamene chigamulo sichinakukomereni.

A mphunzitsi wamkulu, zikomo potipatsa galimoto ya maulendo ndiponso poumirira kuti mnyamata amene watsalira m'kalasi ayambe wakonza za m'kalasizo asanavale jezi. Aphunzitsi anzanga amene munabwereza maphunziro kwa osewera amene anaphonya chifukwa cha maulendo, ntchito yanu siinaoneke pa bwalo koma ndi imene inachititsa kuti makolo apitirize kutikhulupirira. Bambo osamalira bwalo ankadula udzu, kulemba mizere ndi kumanga zofewa pa mitengo ya golo tisanafike, ndipo ankayenda m'bwalo lonse kuchotsa miyala. A dalaivala ankatidikira mpaka mnyamata womaliza atatengedwa. Anyamata a timu yachiwiri ankakhala adani athu pa zokonzekera zonse, kugwetsedwa ndi anzawo okulirapo popanda wowaombera m'manja, ndipo mbali ina ya semifainoloyi ndi yawo.

Kwa inu osewera onse, pali chinthu chimene ndimakonda kukumbutsa timu iliyonse. Masewerowa anabadwira pa sukulu, ku Rugby School m'dziko la England. Nkhani yotchuka ya William Webb Ellis, yoti mu 1823 ananyamula mpira n'kuthamanga nawo, akatswiri ambiri a mbiri yakale amaikayikira, koma chodziwika n'chakuti malamulo oyamba olembedwa, a mu 1845, anakonzedwa ndi ophunzira a pa sukuluyo. Chaka chino inunso munadziyendetsera zambiri nokha. Munkayamba kutenthetsa thupi ine ndisanafike, munapanga nokha zizindikiro za pa lineout, ndipo pamene tinagonja masewero awiri otsatizana kumayambiriro, munakumana panokha n'kugwirizana kuti aliyense azifika pa nthawi yake. Ine ndinangomva za msonkhanowo utatha.

Amene mukumaliza sukulu, tsopano ikani mtima wonse pa mayeso anu. Amene mukufuna kupitiriza rugby ku makalabu kapena ku sukulu za ukachenjede, bwerani ndikulembereni kalata yokuchitirani umboni. Majezi onse abwezedwe ku ofesi ya zamasewero atachapidwa, chifukwa ena mwa iwo ayenera kusokedwa tisanawapereke kwa otsatira. Ndipo popeza awiri mwa anyamata a mzere wakutsogolo akuchokanso chaka chino, bambo aja avomera kuyamba kuphunzitsa anyamata a makalasi otsika sukulu ikangotsegulira, ndipo apempha kuti awiri akuchokawo abwere kudzawathandiza pa masabata oyambirira. Makolo amene ana anu asonyeza chidwi, makalata ovomereza akupezeka ku ofesi yomweyo.